Ukayenda Siya Phazi: Za Foni Imene Timaiganizira Kuti Imatimvetsera

Mu June chaka chatha, mwera utakhazikika panyanja moti asodzi ambiri anali kumtunda akusoka maukonde, alamu anga anabwera kuno ku Boma kuchokera ku Makawa kudzaona mlongo wawo, amene ndi mayi a ana anga. Titadya nsima ya masana tinakhala pakhonde, ndipo nkhani yonse ya tsikulo inali ya injini ya boti. Yawo yakale inali itatopa, inkangozima pakati pa madzi, ndipo usiku wina inawasiya iwo ndi alovi awo akupalasa ndi nkhafi mpaka mbandakucha. Mtima wawo unali pa Yamaha ya 15 HP, koma mtengo wake unkawasowetsa tulo. Ine ndine mphunzitsi, za mainjini sindizidziwa, ndipo chiyambire kukhala ndi foni sindinalembepo mawu oti injini paliponse. Koma madzulo a tsiku lomwelo, nditatsegula Facebook kuti ndione zimene anzanga alemba, pakati pa uthenga wa maliro ndi zithunzi za chinkhoswe panatulukira uthenga wotsatsa mainjini a boti, wochokera ku sitolo ina ya ku Blantyre, chithunzi chake chowala bwino ngati injiniyo yangotsitsidwa kumene m'katoni.

Ndinawaonetsa alamu. Iwo sanadabwe n'komwe, anangopukusa mutu ngati munthu amene zimene wakhala akunena zatsimikizika.

"Alamu, inu ophunzira mumatsutsa zonse," anatero. "Kachipangizo aka kamamva. Ine ndikamakamba za ndalama ndi alovi ndimakasiya m'nyumba, pansi pa pilo."

Ndinaseka, koma mumtima sindinali kuseka kwenikweni. Anthu a msinkhu wathu tinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Kamuzu, ndipo mawu olankhulidwa pamowa ankatha kukafika kupolisi mwiniwake asanafike kunyumba. Mantha oti pali khutu lobisika si achilendo kwa ife. Makolo athunso ankadziwa kuti choopsa pa munthu ndi pakamwa pake, n'chifukwa chake anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. M'mwambi umenewu phazi ndi chinthu chosalakwa, chizindikiro chabe chakuti munadutsa, chimene mphepo imafufuta pofika madzulo. Ndatha miyezi ingapo ndikuifufuza nkhaniyi, ndipo ndafika poganiza kuti pa nkhani ya foni mwambiwu watembenuka, pakuti chimene chikugulitsidwa ndi phazi lija.

Kudandaula kwa alamu sikuli kwa ku Makawa kokha. Mu April 2018, mwini wake wa Facebook, Mark Zuckerberg, ataitanidwa kukaonekera pamaso pa aphungu a nyumba ya Senate ku America, phungu wina dzina lake Gary Peters anamufunsa mosapita m'mbali ngati kampani yake imatenga mawu kudzera pa maikolofoni ya foni kuti idziwe zambiri za anthu. Iye anakana. Kukana kumeneko pakokha sikundigwira mtima, chifukwa palibe wogulitsa usipa amene amavomera kuti ndi wadzana. Chimene ndinachiona cholemerako ndi kafukufuku wa anthu amene alibe phindu pa malondawo. Chaka chomwecho akatswiri a pa Northeastern University ku Boston anayesa ma app a Android oposa 17,000, n'kumayang'anitsitsa chilichonse chimene ma app amenewo ankatumiza kunja kwa foni. Sanapeze ngakhale imodzi imene inkatsegula maikolofoni mobisa n'kutumiza mawu. Anapeza chinthu china chimene sankachiyembekezera: ma app ena ankajambula zimene zikuoneka pa sikirini, zimene munthu akudina ndi kulemba, n'kuzitumiza ku makampani ena mwiniwake osadziwa.

Ndinayesanso kuwerengera ndekha, mwa njira imene Mmalawi aliyense angaimvetse, ya bandulo. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp umadya pafupifupi 100 KB. Foni itati izitumiza zonse zimene ikumva kwa maola khumi patsiku, ingamadye pafupifupi 60 MB tsiku lililonse, kutanthauza kuti pamwezi zingayandikire 2 GB. Anthu a ku Ulaya amene ali ndi intaneti yosatha m'nyumba mwina sangazindikire, koma ife amene timagula bandulo ya tsiku limodzi, n'kumaiyang'anira ngati mchere wobwereka, tikanadziwa sabata yoyamba yomwe. Ndipo nthawi zambiri deta timakhala titaizimitsa. Batire nalonso likanatiuza, makamaka masiku amene magetsi amazima kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Pali chinanso. Pakhonde pathu timalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, mawu amodzi kuyamba m'chinenero china n'kukathera m'chinzake, kwinaku wailesi ikulira ndi ana akusewera. Siri, pulogalamu ya pa iPhone yomva mawu a munthu n'kumuyankha, samva Chichewa kapena Chiyao. Nditawauza zimenezi alamu anandiyankha mwanzeru kuposa mmene ndinkayembekezera: anati mawu oti Yamaha ndi amodzimodzi m'zinenero zonse. Pamenepo ananena zoona, ndipo ndiyenera kuvomera kuti luso lake lilipo. Foni imene inakonzedwa kuti izidzuka munthu akanena kuti Hey Google imakhala ikutchera khutu nthawi zonse kudikira mawu awiriwo, ndipo imachita zimenezo mkati mwake momwemo, osadya bandulo. Munthu atafuna, angathe kuiphunzitsa kudikira mawu ena.

Ndipo utsi umenewu suli wopanda moto. Mu 2016 bungwe loona za malonda ku America la FTC linachenjeza opanga ma app amene anaikamo pulogalamu ya kampani ya SilverPush, imene inkamvetsera timawu tobisika m'zotsatsa malonda za pa TV, timawu timene khutu la munthu silingamve. Kumapeto kwa 2017 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti magemu ambiri a pafoni anali ndi pulogalamu ya kampani ya Alphonso, imene inkagwiritsa ntchito maikolofoni kuti idziwe zimene munthu akuonera pa TV. Mu 2019 zinadziwika kuti Amazon, Google ndi Apple ankalemba anthu ntchito yomvetsera zina mwa zimene mapulogalamu awo omva mawu, Alexa, Google Assistant ndi Siri, anajambula, pofuna kuwongolera makinawo, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa mwangozi, makina atadzuka okha pakati pa nkhani za m'nyumba. Nkhani ya Siri inafika kukhoti, ndipo mu January 2025 Apple inavomera kulipira madola 95 miliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale inakana kuti inalakwa ndiponso inakana kuti mawuwo anagwiritsidwapo ntchito pa malonda. Kampani ina ya ku America, Cox Media Group, inafika mpaka pomadzitama kwa makasitomala ake kuti ili ndi njira yotchedwa Active Listening yomvetsera zimene anthu akukamba. Atolankhani a 404 Media ataulula zimenezi, Google inaichotsa pa mndandanda wa makampani ogwira nawo ntchito mu 2024. Choncho amene amati foni imamva si wopusa. Kungoti pa milandu yonseyi palibe umene unasonyeza kuti Facebook kapena Google amamvetsera macheza a pakhonde kuti asankhe malonda oti akuonetseni, ngakhale akatswiri ambiri akhala akusakasaka umboni umenewu kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo aliyense amene angaupeze angatchuke dziko lonse.

Nanga injini ija inabwera bwanji? Yankho ndinalipeza m'nyumba mwanga momwe, ndipo linandichititsa manyazi pang'ono.

Mwana wa achemwali anga amagulitsa zitenje ndi nsapato, ndipo nthawi zina amalipira Facebook kuti malonda ake aoneke kwa anthu ambiri. Iye ndiye anandionetsa kuti pamwamba pa uthenga uliwonse wotsatsa pali timadontho titatu, ndipo ukadinapo pali pofunsa chifukwa chimene ukuonera uthengawo. Uthenga wa injini utabweranso ndinadina, ndipo yankho lake linali losasangalatsa n'komwe: wotsatsayo ankafuna amuna akuluakulu okhala m'dera la Mangochi. Kenako mtsikanayo anatsegula foni yake n'kundionetsa mmene iye amachitira.

"Amalume, onani," anatero. "Ndimasankha dera pamapu, ndimasankha zaka, amayi kapena abambo, ndi zimene amakonda. Ndi ndalama zochepa chabe uthenga umafika kwa anthu masauzande. Wa mainjiniyo akanasankha kuti, ku Dedza?"

Ndinaganiza za mwini sitolo wa ku Blantyre uja. Iye amadziwa, monga aliyense wa malonda amenewa, kuti miyezi ya mwera ndi imene asodzi amakhala kumtunda n'kumaganiza zokonza zida. Mphepo imene inabweretsa alamu pakhonde panga ndi nkhani ya injini ndi yomweyo imene inamuuza iye kuti nthawi yotsatsa yakwana. Nkhani yathu ndi uthenga wake zinali mphukira ziwiri za muzu umodzi, koma ine ndinkaona ngati imodzi inabala inzake.

Sizinathere pomwepo. Ndikufotokoza zimenezi pa chakudya cha madzulo, mwana wanga wamwamuna wa Fomu 3 anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Ababa, tsiku lija m'mawa inu muli kosamba, amalume anandituma kuti ndiwaonere mitengo ya injini pa foni yanu, chifukwa yawo inalibe bandulo." Ndinatsegula mbiri ya zimene zinafufuzidwa pa Google, ndipo zonse zinali pomwepo, masamba anayi a masitolo a mainjini, ola lake lolembedwa. Masamba ambiri a malonda amakhala ndi kachidutswa ka pulogalamu kotchedwa Meta Pixel, kamene ntchito yake ndi kuuza Facebook kuti foni yakutiyakuti yaona katundu wakutiwakuti. Ndinanena zoona kuti sindinafufuzepo za injini, koma foni siisiyanitsa chala cha mwini ndi cha mwana wake. Kuno kwathu, kumene foni imodzi yaikulu imatumikira banja lonse, mwana kuonera mpira, mayi kuimbira achibale a ku Joni, mlendo kuonera mitengo, zimene makampani akudziwa si za munthu mmodzi koma za khomo lonse, ndipo zotsatsa zimene zimabwera ndi za aliyense amene anaigwirapo.

Palinso mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Mayi a ana anga ali oyembekezera mwana wathu woyamba, ndinkaona ngati amayi onse a mumsika wa Mangochi ndi oyembekezera, chonsecho analipo kale, kungoti maso anga anali asanatseguke. Kwa sabata imodzi ndinayesa kulemba m'kope nkhani zimene tinkakamba foni ili pafupi: mtengo wa chimanga, denga la tchalitchi, njinga yamoto ya kabaza imene mnansi wanga ankafuna kugula, mankhwala a mano. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinabwera. Zimene zinkabwera ndi za kubetcha mpira ndi ngongole, monga mwa masiku onse. Tsiku limodzi limene zinagwirizana timalikumbukira n'kumalifotokoza kwa chaka chathunthu, koma masiku mazana amene sizinagwirizane palibe amene amawawerenga.

Apa ndi pamene ndinayenera kupuma mtima uli m'malo, koma m'malo mwake ndi pamene ndinayamba kuda nkhawa zenizeni. Foni yangayi ndinaigula pa kasitolo kena, ndipo mnyamata wogulitsayo ndi amene ananditsegulira akaunti ya Gmail, akudina kuvomera pa chilichonse chimene chinafunsidwa kuti tithane nazo msanga, ine nditaima pambali ndikuwerenga chenji. Chimodzi mwa zimene anavomera chinali chosunga mbiri ya malo amene ndapita. Nditatsegula mbiriyo mu Google Maps ndinaona moyo wanga wa zaka ziwiri utayalidwa pamapu. Panali ulendo uliwonse wa ku Makawa, tsiku limene ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku maliro ku Namwera ndi ola limene ndinabwerera, masiku atatu otsatizana amene ndinkagona kuchipatala podwazika mwana, ndi malo ena amodzi amene ndimaima Lachisanu madzulo amene sindikanakonda kuti akuluakulu a mpingo awadziwe. Munthu amene ali ndi mapu amenewa safunika kumva mawu anga kuti adziwe kuti ndili ndi abale kunyanja, kuti m'nyumba mwanga munali matenda, kapena kuti ndimapemphera kuti. Mu 2018 atolankhani a Associated Press anapeza kuti Google inkasungabe malo a anthu ena ngakhale iwo atazimitsa mbiri imeneyi, ndipo mu 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 391.5 miliyoni ku maboma 40 a m'dziko la America pa nkhani yomweyi.

Umboni umene unandikhutiritsa kwambiri ndi wa ndalama. Mu 2021 Apple inasintha iPhone kuti app iliyonse iziyamba yapempha chilolezo isanayambe kutsatira zimene munthu akuchita m'ma app ena ndi pa masamba ena. Sinakhudze maikolofoni ngakhale pang'ono, inangotchinga njira yolondolera mapazi. Anthu ambiri atakana kutsatiridwa, akuluakulu a Meta, kampani imene ili ndi Facebook, Instagram ndi WhatsApp, anauza eni masheya kuti kusinthaku kuwatayitsa pafupifupi madola 10 biliyoni m'chaka cha 2022 chokha. Akanakhala kuti chuma chawo chili m'khutu, sakanalira chotero atatsekeredwa phazi. Ndipo tikanena za ife, kumapeto kwa 2023 Meta inkapeza pafupifupi madola 68 pa miyezi itatu kwa munthu mmodzi wa ku America ndi Canada, koma osakwana madola 5 kwa munthu wa m'chigawo chimene Africa amawerengedwamo. Sindikuona kampani imene ingawononge ndalama ndi kuika dzina lake pachiswe kuti imasulire Chiyao cha pakhonde panga, pamene zimene ikufuna ndimaipatsa ndekha kwaulere.

Mmene mapaziwa amagulitsidwira zimandikumbutsa padoko m'mawa, mabwato a usipa akamafika ogula atadikira ndi mabeseni, aliyense akutchula mtengo wake. Mukatsegula tsamba kapena gemu imene ili ndi malo a zotsatsa, uthenga umapita kwa ogula ambiri nthawi imodzi wonena kuti pano pali foni ya mtundu wakuti, ili dera lakuti, mwini wake amakonda zakuti, ndipo amene watchula mtengo waukulu ndi amene uthenga wake umaoneka. Zonsezi zimatha musanaphethire. Kusiyana kwake n'kwakuti padoko limeneli usipa wake ndi maso anu, ndipo ngakhale ogula amene alephera amachoka atamva kale za inu.

Chimene chimandivutitsa kwambiri n'chakuti mapazi ena amakusiyirani ndi anzanu. Khutu la foni mungathe kulitseka: mumalowa m'makonzedwe, n'kuona ma app amene ali ndi chilolezo cha maikolofoni, n'kuwalanda. Kuyambira pa Android 12 kadontho kobiriwira kamayaka pakona maikolofoni kapena kamera ikatseguka, ndipo pa iPhone kadontho kachikasu kofiirira kanayamba kuoneka mu 2020. Ine nditayang'ana ndinapeza kuti app ya tochi ndi gemu ina ya mwana wanga zinali ndi chilolezo chimenechi popanda chifukwa, ndipo zonse ziwiri ndinazifufuta. Koma nambala ya alamu ili m'foni mwanga, yanga ili m'mafoni a makolo a ana onse amene ndawaphunzitsapo, ndipo aliyense wa iwo akavomera kuti app ina ione manambala ake, dzina langa limapita nawo ine osafunsidwa. Ma app a ngongole anafika poipa pa khalidwe limeneli, kutenga manambala onse a wobwereka kuti akachedwa kubweza azichititsidwa manyazi kwa abale ake, moti mu 2023 Google inaletsa ma app oterewa kuona manambala ndi zithunzi za m'foni.

Ndiponso si zonse zimene zimapita kunja kwa dziko. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho nambala ndi dzina zinakhala chinthu chimodzi. Mukapita kwa ejenti kukatapa ndalama, nthawi zambiri pamakhala buku pathebulo limene mumalembamo nambala, kuchuluka kwa ndalama ndi siginecha, ndipo wobwera pambuyo panu amawerenga mzere wanu akudikira cholembera. Uthenga uja timaulandira tonse, woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, suchokera ku makampani a ku America. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene kampani ikusunga zokhudza iye ndi chifukwa chake. Ndinafunsa aphunzitsi anzanga m'chipinda chathu chopumira, anthu owerenga nyuzipepala, ndipo ambiri anali asanalimvepo, chonsecho pafupifupi onse anali ndi nkhani yawoyawo ya tsiku limene foni inawamvetsera.

Alamu anagula injini mu August, yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa msodzi wina wa ku Monkey Bay amene ankasiya usodzi. Anadzera kuno pobwerera, ndipo tinakhala pakhonde lomwe lija mpaka dzuwa kulowa, iwo akufotokoza mmene ananenerera mtengo, mmene anaiyesera pamadzi, ndi mmene inalirira bwino atangoikoka kamodzi. Foni yanga inali pamphasa pakati pathu nthawi yonseyo, deta ili yoyatsa, ndipo mawu oti ndagula ananenedwa mwina kakhumi. Uthenga wa mainjini unapitirirabe kubwera mwezi wonse wa September, chithunzi chomwe chija, mtengo utakwera pang'ono.

Atabweranso kumayambiriro kwa October ndinawaonetsa, ndili ndi chikhulupiriro kuti tsopano mlandu ndawina. Ndinawafunsa kuti ngati kachipangizoka kamamva, bwanji sikanamve kuti injini inagulidwa kale. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala ziwiri kuti aone bwino mtengo.

"Kanamva, alamu," anatero pobweza foniyo. "Kanamvanso kuti ndagula yakale. Kakungodikira tsiku limene idzandizimire pakati pa madzi."

Atatero anaitana mlongo wawo kuti akambirane za ndalama ya feteleza ya kumudzi, koma asanayambe anatulutsa foni yawo m'thumba, n'kumupatsa mwana wanga kuti akaiike kuchipinda.